Kachipinda kosasesa m'kati mwa foni

Mafoni ambiri amakono omwe amatumiza ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba ku Njuli, ku Namitambo ndi pa boma la Chiradzulu amayendera Android, ndipo pansi pa Android pali kernel ya Linux, phata la mapulogalamu lomwe Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991. Gawo lalikulu la phatali ndi timapulogalamu totchedwa driver, tomwe timalankhula ndi ziwalo za foni monga kamera, batire ndi bowo la USB, ndipo pafupifupi tonse tinalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa C.

M'chinenerochi, wolemba pulogalamu akafuna posungira nambala amapempha kachipinda m'malo osungira zinthu a m'foni n'kukapatsa dzina, ndipo kachipindako ndi komwe akatswiri amati variable. Vuto ndi loti C sasesa kachipinda kongobwerekedwa kwa kanthawi, kotero kuti wolemba akaiwala kuikamo nambala yoyambira, mumatsala zomwe ntchito ina inasiyamo. Zimafanana ndi sikelo yogulira nandolo yomwe muvi wake sunabwezedwe pa ziro: thumba limayezedwa ndithu, nambala imaoneka, koma mlimi sangadziwe kuti mwalowa kulemera kwachilendo.

Ngoziyi imakula pa nkhani yonena zolakwika. Mwambo wa Linux ndi woti driver akagwira bwino ntchito amabweza 0, ndipo akalephera amabweza nambala yotsika pa ziro yofotokoza chifukwa chake, monga -12 pamene malo osungira atha, -5 pamene chiwalo chakanika kuwerengedwa, kapena -19 pamene chiwalocho palibe. Kachipinda konyamula yankholi kakakhala kosasesa, driver amatha kunena kuti zalephereka pomwe zayenda, kapenanso, chomwe n'choopsa kwambiri, kubweza 0 pomwe zalephereka, ndipo kernel imapitiriza ntchito podalira chiwalo chakufa. Foni yotere imagwira lero n'kuzima yokha mawa, ndipo wokonza mafoni pamsika angasinthe batire kawiri osapeza chilema, chifukwa chilemacho chili m'mizere ya pulogalamu.

Zotsalira za m'malo osasesazi zimathanso kuulula zinsinsi. Mu Febuluwale 2025 bungwe la Amnesty International linalengeza kuti foni ya wophunzira wina ku Serbia inatsegulidwa mokakamiza ndi zida za kampani ya Cellebrite kudzera pa bowo la USB, ndipo chimodzi mwa zilema zomwe zinapereka mpata chinali malo osasesa m'gawo la kernel lolandira zipangizo monga kiyibodi. Kukonza kwake kunali kusintha liwu lopempha malo kuchoka pa kmalloc kukhala kzalloc, lomwe limadzaza malowo ndi maziro lisanawapereke. Chilembo chimodzi chokha ndiye chinali chitseko.

Alonda alipo, monga chida cha Smatch cholembedwa ndi Dan Carpenter, chomwe chimasanthula mizere ya kernel, ndi KMSAN, yomwe inalowa mu Linux 6.1 mu 2022 ndipo imagwira kachipinda kosasesa pa nthawi yomwe kakuwerengedwa. Komabe chigamba chokonza pulogalamu chosokedwa kutali sichithandiza munthu wa ku Chiradzulu ngati sichinafike m'foni yake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mafoni akale, omwe ambiri amagula chifukwa cha mtengo, opanga ake anasiya kuwatumizira zigamba. Amene foni yake ikulandirabe uthenga woti aikemo zokonza zachitetezo asaumire bandulo, aikemo tsiku lomwelo.