Lamulo liteteze dokotala wa pa ngozi, koma lisaiwale wodwala

Namondwe wa Katrina atawomba mzinda wa New Orleans ku America pa 29 Ogasiti 2005, madzi osefukira anazinga chipatala cha Memorial Medical Center. Magetsi anathima, majenereta nawo n'kuzima pasanathe masiku awiri. Makina othandiza odwala kupuma atasiya, anamwino ankapopa mpweya ndi manja, ena n'kumanyamula odwala pamasitepe amdima kukafika pomwe helikopita inkatera. Anthu atasamutsidwa, m'chipatalamo munapezeka mitembo 45. Mu Julaye 2006, Dr Anna Pou ndi anamwino awiri a pachipatalacho anamangidwa powaganizira kuti anapha odwala anayi powabaya morphine ndi midazolam. Dokotalayo ananena kuti cholinga chake chinali kuchepetsa ululu, ndipo patatha chaka gulu la nzika lounika ngati pali mlandu linakana kumuzenga. Mu 2008 boma la Louisiana, komwe kuli mzinda wa New Orleans, linakhazikitsa malamulo oteteza azaumoyo kuti asamasumiridwe wamba pa ntchito yomwe agwira pa nthawi ya ngozi.

Chitetezo chotere n'chofunika chifukwa ngozi ikagwa, ntchito ya chipatala imasintha. Tsiku labwinobwino dokotala amayeza wodwala, kumutumiza kukajambulidwa, kufunsa mnzake ndi kulemba zonse m'fayilo. Pa ngozi, ovulala amabwera ochuluka kuposa mabedi, magazi ndi okosijeni zomwe zilipo, ndiye amayenera kusankha woyamba kuthandizidwa. Amayamba ndi amene akhoza kupulumuka akathandizidwa msanga, wothyoka mkono n'kudikira, ndipo nthawi zina amene wavulala mopanda chiyembekezo amangomuchepetsera ululu. Kusankha kumeneku ndi njira yovomerezeka ya zachipatala yopulumutsira anthu ambiri. Tsono ngati namwino akudziwa kuti pakatha zaka ziwiri adzaimirira m'khoti kuti ayankhe ngati kuti analakwitsa m'wodi yokhala ndi zonse, adzayamba kudziteteza yekha. Adzazengereza kusoka bala powunika ndi tochi ya foni, ndipo amene anapuma pa ntchito kapena ali patchuthi adzaganiza kawiri asanadzipereke. Amene amavutika chifukwa cha mantha amenewo ndi wovulala amene wagona pansi pakhonde.

Ena amati makhoti ali kale ndi nzeru zoona mmene zinthu zinalili, choncho lamulo lapadera n'losafunika. N'zoona kuti woweruza wabwino amaganizira zimenezo, koma chigamulo chimabwera mochedwa, munthu atataya kale ndalama kwa maloya, mbiri yake itaipa. Chimene wazaumoyo akufuna ndi kudziwiratu malire ake madzi asanafike. N'chifukwa chake California inakhazikitsa lamulo loteteza madokotala othandiza pa ngozi kale mu 1959, ndipo Britain, mu lamulo lake la Coronavirus Act la 2020, inalola boma kusenza chipukutamisozi cha milandu yobwera chifukwa cha ntchito yolimbana ndi mliri wa coronavirus.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la odwala ndi abale awo. Iwo amafunsa kuti, kodi lamulo lotere silidzabisa kusasamala, ngakhale kupha kumene? Funsoli n'loyenera, ndipo nkhani ya Memorial imalipatsa mphamvu, pakuti ena mwa mabanja a omwalirawo sanakhutire ndi mmene inathera. Buku la mtolankhani Sheri Fink la 2013, Five Days at Memorial, linaonetsa kuti ngakhale madokotala a pachipatalacho sankagwirizana pa zomwe zinachitika. Yankho lake lili m'kalembedwe ka lamulo. Liteteze kulakwitsa kwa munthu amene anachita moona mtima ndi zipangizo zochepa, pa nthawi yokhayo imene boma lalengeza kuti kwagwa ngozi. Lisateteze kuvulaza mwadala, kusasamala koonekeratu, kapena kusankha odwala potengera chuma, mtundu kapena ulumali. Ndipo wovulazidwa akhalebe ndi kokadandaula: mlandu ukachoka pamutu pa namwino, upite kwa boma kapena mwini chipatala, amene ali ndi udindo wokonzekera. Ku New Orleans, kampani ya Tenet, yomwe inali mwini wa Memorial, inavomera mu 2011 kulipira madola 25 miliyoni kwa anthu omwe anaisumira kuti sinakonzekere.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera mu Malichi 2023, chipatala cha Gulupu ku Blantyre chinalandira ovulala ndi mitembo yambiri nthawi imodzi, pomwe dziko linali likulimbanabe ndi kolera. Anamondwe adzabweranso. Choncho Unduna wa Zaumoyo, Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi akhale pansi panopa, alembe momveka bwino ndondomeko yosankhira odwala pa ngozi, aphunzitse azaumoyo onse mpaka a m'zipatala zazing'ono zakumidzi, ndipo anene poyera amene adzalipire zinthu zikalakwika. Wazaumoyo wodziwa kuti lamulo lili kumbuyo kwake amagwira ntchito molimba mtima, ndipo wodwala wodziwa kuti ali ndi kokadandaula amakhulupirira chipatala.