Mfuti ya Wapolisi ndi Moyo wa Munthu Wothaŵa

Pa 20 ndi 21 Julayi 2011 anthu 20 adafa pa zionetsero m'Malaŵi muno, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi, ndipo ena adagwera m'Lilongwe. Imfa zimenezo zidachitika dzuŵa likuswa mtengo. Zimene zimativuta ife ansembe ndi zija za usiku: ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Mgona kumveka mfuti, m'maŵa mwake mbiri nkuwanda yakuti mbava yaomberedwa pothaŵa. Anthu otopa ndi kuthyoleredwa nyumba amati zakhala bwino, ndipo ena mwa onenawo ndi akhristu athu. Nchifukwa chake tiyenera kudziŵa pamene wapolisi aloledwa kuombera munthu pomgwira.

Lamulo la apolisi la 2010, pa ndime 44, lilola mfuti pa anthu a mitundu itatu: wamlandu waukulu amene ali kale m'manja mwa boma nkumathaŵa, wofuna kulanditsa mnzake mwamphamvu, ndi wokana kumangidwa mwamphamvu. Liwonjeza kuti wothaŵayo achenjezedwe poyamba, ndi kuti cholinga chikhale kumfoola osati kumupha. Mnyamata amene wangoona galimoto ya apolisi nkuliyatsa liŵiro, m'manja muli mbee, ndimeyi simtchula konse. Mfundo zimene United Nations idavomereza ku Havana mu 1990 nzokhwima koposa: kuombera kuti munthu afe kuloledwa pokhapo pamene palibe njira ina yopulumutsira moyo wa munthu.

Apa mpamene Eklezia aimanso. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti munthu angathe kudziteteza ngakhale womuukirayo atafa, malinga ngati cholinga chake nkupulumutsa moyo, ndipo mphamvu yake siipitirira muyeso wa ngoziyo. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2265, avomereza kuti osunga miyoyo ya anzao ali ndi udindo woletsa woukira, ngakhale ndi zida. Koma tiwone bwino mau akuti woukira. Wakuba wolozetsa mfuti kapena chikwanje kwa wapolisi ndi woukira. Wakuba amene watembenuza msana, wailesi ili kukhwapa, saukira munthu aliyense pa nthaŵiyo. Tchimo lake lilipo ndithu, koma ntchito ya wapolisi nkumfikitsa kwa woŵeruza, ndipo Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ati womangidwa akaonekere kubwalo pasanathe maola 48. Tikumbuke kuti kuyambira 1992 boma silidanyongepo munthu, ngakhale amene akhoti adampeza wolakwa pa mlandu wakupha. Nanga chilango chimene boma laleka kuchipereka kwa woŵeruzidwa, chingaperekedwe bwanji mumdima kwa munthu wongomganizira?

Tisafulumire kuloza chala wapolisi. Tinjira ta ku Mgona ndi ku Chinsapo ntopanikiza, kuŵala nkosoŵa, ndipo iye sadziŵa chimene wothaŵayo wabisa m'malaya. Adamvanso za mnzake amene adaphedwa ndi miyala ku Msundwe mu Okotobala 2019. Mantha akewo si abodza. Pa kamphindi kotero munthu saŵerenga ndime za malamulo. Manja amachita chimene adazoloŵera. Ndiye kuti mlandu wa usiku umenewo udayambira kutali, ku sukulu za apolisi za ku Limbe, Mtakataka ndi Mlangeni. Ife aphunzitsi a m'seminale timadziŵa kuti khalidwe labwino limabwera ndi kubwereza, monga mmene Aquinas yemweyo adaphunzitsira. Wophunzira amene wabwereza kambirimbiri kuguba ndi kulasa chandamale, koma kulankhula ndi munthu woledzera kapena wamisala adangokumva m'kalasi, adzathamangira chimene manja ake akudziŵa. Afunika kuzoloŵezedwa kuchenjeza mokweza mau, kubwerera m'mbuyo, kudikira anzake, ngakhale kumleka wakuba athaŵe kuti akamgwire maŵa, pakuti m'makomboni mwathu anthu amadziŵana. Ameneyu ndiye phunziro lovuta, chifukwa kwa mnyamata wovala yunifomu kumleka munthu kumaoneka ngati manyazi. Ndipo wapolisi wotumidwa ndi mfuti yokha, wopanda unyolo, wailesi kapena galimoto, amtuma ndi yankho limodzi.

Lamulo lomwelo la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, ngakhale padapita zaka ngati khumi lisanayambe ntchito. Imfa yochitika m'manja mwa apolisi ndi imodzi mwa nkhani zimene liyenera kufufuza. Mabanja ambiri a ku Area 23 kapena Area 25 sadziŵa zimenezi, ndipo manyazi a dzina lakuti wakuba amawatseka pakamwa. Wansembe amene aitanidwa ku maliro otere angathe kuwauza za bungweli, ndi kuwalangiza kuti apemphe dokotala apime mtembo asanauike.