ZIMBABWE: Zigamba za Linux zimatuluka msanga, koma zambiri sizifika m'mafoni a ku Mbare

HARARE – M'madera okhala anthu ambiri mumzinda wa Harare monga Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, komwenso kuli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, foni ya m'manja idasanduka chikwama cha ndalama. Kampani ya Econet idakhazikitsa EcoCash m'chaka cha 2011, ndipo ndalama za pepala zitayamba kusowa mu 2016, anthu ochuluka adazolowera kugula ndiwo, kulipira lendi ndi kulandira thandizo la abale kudzera pa foni.

Mafoni ambiri amakono m'maderawa ndi a Android, ndipo pansi pa Android pali pulogalamu imene mwini foni saiona, yotchedwa Linux kernel. Iyo ndiyo imayendetsa batire, kamera, netiweki ndi malo osungira zinthu, komanso imatchinga kuti pulogalamu ina isasuzumire m'zinthu za inzake. Kernel ikakhala ndi mng'alu, wakuba wodzera pamenepo akhoza kulanda foni yonse ili m'manja mwa mwini wake.

Linus Torvalds adayamba kulemba Linux mu 1991 ali pa sukulu ya ukachenjede ku Helsinki, m'dziko la Finland. Aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. Pofika mu 2025 mizere yake idali itapitirira 40 miliyoni, ndipo mtundu watsopano uliwonse umakhala ndi ntchito ya anthu oposa 1,500, ambiri mwa iwo olembedwa ntchito ndi makampani monga Intel, Google ndi Red Hat. Manja ochuluka chotere sangagwire chinthu chimodzi popanda mwambo.

Mwambowo umayendera kalendala. Mtundu watsopano ukangotuluka, Torvalds amatsegula khomo kwa masabata awiri kuti alandire zinthu zatsopano kuchokera kwa akuluakulu oyang'anira magawo osiyanasiyana. Masabatawo akatha, khomo limatsekedwa ndipo amatulutsa mtundu woyeserera wotchedwa rc1. Sabata iliyonse, kawirikawiri Lamulungu, pamabwera wina: rc2, rc3, mpaka rc7, ndipo nthawi zina rc8 ngati mavuto sadathe. M'nyengo imeneyi amalandira zokonza zokhazokha. Motero kernel yatsopano imatuluka pakatha masabata asanu ndi anayi kapena khumi.

Chigamba chisanafike kwa Torvalds chimakhala chitadutsa kale m'maso mwa anthu ena. Kuyambira mu 2004, wolemba aliyense amasainira dzina lake pa chigamba chake, ndipo amene wachivomereza amasainanso. Mu 2008 Stephen Rothwell wa ku Australia adayambitsa linux-next, malo amene ntchito za magawo onse zimaphatikizidwa kuti zione ngati zikugwirizana. Palinso makina oyesa usana ndi usiku: a Intel otchedwa 0-day, a KernelCI amene amayatsa kernel pa zipangizo zenizeni zamitundumitundu, ndi syzbot wa Google amene amaponyera kernel malamulo osokonekera dala kufikira itagwa. Lamulo limene Torvalds amalikakamira kwambiri ndi lakuti chimene chinkagwira ntchito dzulo chisaleke chifukwa cha kusintha kwa lero. Chigamba choswa lamuloli chimachotsedwa ngakhale chikhale chokoma bwanji.

Kernel ikatuluka, gulu lina, limene lidayamba mu 2005 ndipo limatsogozedwa ndi Greg Kroah-Hartman ndi Sasha Levin, limatenga zokonza zatsopano ndi kuzibwezera ku mitundu imene anthu akugwiritsa kale ntchito. Chigamba sichilowa kumeneko ngati sichidalandiridwe kaye kwa Torvalds, ndipo oyesa amapatsidwa maola 48 kuti anene ngati chaononga kanthu. Chaka chilichonse mtundu umodzi umasankhidwa kuti usamalidwe kwa nthawi yaitali. Mu 2017 nthawiyo idafika zaka zisanu ndi chimodzi, makamaka poganizira mafoni a Android, koma mu 2023 kudalengezedwa kuti ibwerera ku zaka ziwiri chifukwa ntchito idachulukira osamalira ochepa, ngakhale mitundu ina amaionjezerabe nthawi.

Dongosolo lonseli limathera pakhomo pa makampani. Google imatenga kernel ndi kuonjezerapo zake. Kampani yopanga ubongo wa foni, monga MediaTek, Unisoc kapena Qualcomm, imaonjezeranso. Pomaliza wopanga foniyo amaikapo zake. Kuti chigamba chifike kwa mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika, aliyense wa atatuwa ayenera kuchilandira, kuchiyesa ndi kuchitumiza, ndipo ntchito imeneyi imadya ndalama pa foni imene idagulitsidwa kale.

Nkhani ya mng'alu wotchedwa Dirty COW imaonetsa bwino kumene chingwe chimadukira. Mng'aluwu udakhala mu kernel kuyambira 2007 mpaka utadziwika mu October 2016, ndipo chigamba chake chidatuluka mwezi womwewo. Komabe mu 2017 kampani ya Trend Micro idapeza mapulogalamu oipa a Android, otchedwa ZNIU, akulowerabe pa mng'alu womwewo m'mafoni amene sadalandire chigambacho.

Mafoni otchipa ndi ogula ogwiritsidwa kale ntchito ndiwo amatsalira kwambiri. Ambiri mwa iwo ali ndi kernel 4.14, imene osamalira adaisiya mu January 2024, kapena 4.19, imene adaisiya mu December chaka chomwecho. Lonjezo la zaka zisanu ndi ziwiri za zigamba, limene Google idapereka pa Pixel 8 mu 2023 ndi Samsung pa Galaxy S24 mu 2024, lidayambira pa mafoni amene mtengo wake ndi wosafikirika kwa anthu ambiri a ku Mufakose. Kuyambira pa Android 12 mu 2021, Google idalamula kuti mafoni atsopano a kernel 5.10 kupita mtsogolo agwiritse ntchito kernel imodzi yofanana, zoonjezera za makampani zikhale padera. Izi zimafupikitsa njira ya chigamba, koma mafoni akale sizikuwakhudza.

Ngakhale chigamba chitatumizidwa, pali chipsinjo china cha kuno komwe: anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene siilola kutsitsa zokonza za foni, ndipo magetsi akazima palibe amene amafuna kuthera batire pa ntchito yosaoneka phindu lake.

Wofuna kugula foni angathe kuona yekha m'mene zinthu zilili asanapereke ndalama. Mu Settings, pa About phone, pamalembedwa nambala ya kernel ndi tsiku limene foniyo idalandira zigamba zachitetezo komaliza. Tsikulo ndilo lofunika kuposa nambala, chifukwa makampani ena amasokererabe zigamba pa kernel yakale. Tsiku likakhala la zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndiye kuti mwina wopanga foniyo adaisiya kale, ngakhale galasi lake likhale lopanda kachilema.