Tengenenge: mudzi wa osema miyala umene unayambira pamunda wa fodya

Kumpoto kwa Zimbabwe, m'boma la Guruve, kuli mudzi waung'ono wotchedwa Tengenenge. Mudziwu uli m'munsi mwa mapiri a Great Dyke, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Harare, m'chigawo cha Mashonaland Central chimene chinachita malire ndi chigawo cha Tete. Umadziwika m'mayiko ambiri chifukwa cha ziboliboli zamiyala.

Poyamba malowa anali munda wa fodya wa mzungu wina, Tom Blomefield. Ambiri mwa antchito ake anali obwera kuchokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, ndipo pakati pawo panali Achewa ndi Ayawo. Mu 1965 boma la Ian Smith litadzichotsa pansi pa ulamuliro wa Britain, mayiko akunja anayamba kuletsa malonda ndi Rhodesia. Fodya anasowa msika ndipo ntchito ya pamunda inali pafupi kutha.

Chinawapulumutsa ndi mwala. Mmisiri wina, Crispen Chakanyuka, anaonetsa Blomefield kuti m'phirimo muli mwala wosemeka wa serpentine. Mu 1966 anthu amene anazolowera khasu anagwira nyundo ndi tchizulo. Aliyense ankasema zimene anakula nazo: nyama, mizimu ndi nthano zakwawo, ndipo Achewa ena ankatengera nkhope za Gule Wamkulu. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia, anatchuka ndi ziboliboli za anthu omwetulira ndi oimba mluzu.

Ntchitoyi imafuna kudekha. Mmisiri amayamba ndi kugoba mwala, kenako amaupala ndi tupa n'kuusalaza ndi sandipepa wonyowa. Pomaliza amautenthetsa pamoto ndi kuupaka phula. Phulalo likalowa ndi kupukutidwa, mwala wotuwa uja umada bii n'kumanyezimira.

Nkhondo ya ufulu ya m'ma 1970 inabalalitsa amisiri ambiri, koma banja la Josiah Manzi linatsala. Dziko litalandira ufulu mu 1980, mudzi unadzukanso. Kuyambira cha m'ma 2000 alendo ogula anachepa, ndipo mabanja ambiri amadalira kulima chimanga podikira kuti chiboliboli chigulidwe.

Ngakhale zili choncho, ana a ku Tengenenge akuphunzirabe kusema atakhala pambali pa makolo awo. Umu ndi momwe lusoli lafikira kwa zidzukulu za anthu aja amene anawoloka malire kukafuna ntchito ya fodya.