KODI ANA ATHU AKUMVERA CHIYANI USIKU?

Tsiku lina titaweruka ku mapemphero a pakati pa sabata, mayi wina wa mumpingo mwathu kuno ku Mecanhelas anatilondola kunyumba atanyamula foni ya mwana wake. Atakhala pansi anati, "Abusa, tamverani izi. Mwana wanga sagona. Usiku wonse zili m'makutu, ndipo ine ndikamva ndimangoyesa chigayo chawonongeka." Tinatsegula. Munalibe woimba. Munali kugunda kolemera kobwerezabwereza, konga kwa sitima ya malasha ikamadutsa pa Entre Lagos. Patapita mphindi zingapo munamveka munthu akutchula mayina m'Chingerezi, kenaka kugunda kuja kunapitirira. Chonsecho chinali cha maola awiri.

Kunena zoona, tinasowa choyankha. Tinawapempha mayiwo kuti atipatse masiku, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinaitana mnyamatayo, tinafunsa achinyamata ena, ndipo tinawerenga zimene tikanatha kupeza. Zimene tinaphunzirazo tikuzilemba pano, podziwa kuti makolo ambiri, kuchokera ku Insaca mpaka kugombe la Chiuta ndi la Chilwa, ali ndi funso lomwelo.

Si nyimbo imodzi, ndi pologalamu

Choyamba chimene tinazindikira n'chakuti chimene tinamvacho sichinali nyimbo imodzi ayi. Inali pologalamu ya wailesi yojambulidwa, momwe DJ amalumikiza nyimbo zambiri popanda kupumira. Inachokera ku wailesi yotchedwa NTS ya mumzinda wa London, imene anaiyambitsa Femi Adeyemi m'chaka cha 2011 m'kachipinda kakang'ono m'dera la Dalston. Wailesiyi siimveka pa FM koma pa intaneti. Mnzake wa mnyamatayu, amene akuphunzira ku Cuamba, ndiye anaikopera m'foni mwake, ndipo atabwera kutchuthi anagawira anzake kudzera pa Bluetooth ndi pa memori khadi.

Mapologalamu otere ambiri amatchedwa podcast, dzina limene linayamba kumveka m'chaka cha 2004. Kusiyana kwake ndi wailesi imene tinakulira ife ndi uku: pologalamu ya MBC kapena ya Rádio Moçambique ikadutsa yadutsa, ndipo banja lonse linkaimvera pamodzi pakhonde. Podcast imasungika, munthu amaimvera nthawi imene afuna, ndipo kawirikawiri amaimvera yekha, zili m'makutu. Apa ndi pamene pagona nkhawa ya makolo: mwana ali m'nyumba, koma makutu ake ali kutali.

Pali liwu lina limene linaopsa mayi aja. Mwanayo anawauza kuti nyimbozi ndi za "underground," ndipo wina anawamasulira kuti ndi za pansi pa dziko. Tonse tikudziwa mphekesera za anthu opita pansi pa nyanja kukafuna chuma. Tikutsimikizireni, abale, kuti liwuli silikukhudzana ndi zimenezo. Tanthauzo lake n'lakuti nyimbozi siziulutsidwa pa mawailesi akuluakulu, sizithandizidwa ndi makampani a ndalama, ndipo zimayenda mwakachetechete kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake.

Ng'oma za m'kompyuta

Nyimbo zimenezi sizifuna gitala kapena gulu la oimba. Mnyamata mmodzi wokhala ndi kompyuta yakale ndi pologalamu yonga FL Studio, imene inapangidwa ku Belgium kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amasanja kulira kwa ng'oma, kwa belu ndi kwa zitsulo, n'kuzibwereza mmene afunira. N'chifukwa chake zamba zambiri zoterezi zinabadwira m'makomboni a anthu osauka a muno mu Africa.

Ku Luanda, m'dziko la Angola, kunabadwa kuduro nkhondo ili mkati. Ku Maputo, m'zaka za m'ma 2000, oimba onga Ziqo anasakaniza marrabenta ndi zamba zachilendo, n'kupanga pandza. Ku Durban, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, anyamata onga DJ Lag anapanga gqom, chamba cholemera ndi chamdima chimene dzina lake m'Chizulu limatsanzira kulira kwa ng'oma ikamenyedwa. Gqom inafala kudzera m'maminibasi ndi m'mafoni mawailesi asanailandire, koma pofika 2019 DJ Lag anali atagwira ntchito pa chimbale cha woimba wotchuka wa ku America, Beyoncé. Ku Dar es Salaam, m'makomboni onga Tandale ndi Manzese, kunabadwa singeli, yothamanga kwambiri mwakuti ng'oma imagunda koposa ka 200 pa mphindi imodzi, pamene mtima wa munthu wopuma umagunda ka 60 mpaka ka 100.

Tinadabwa kupeza kuti pologalamu ya ku London ija inali yodzaza ndi nyimbo za ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Phokoso la anansi athu linazungulira ku Ulaya lisanafike m'mudzi mwathu.

Mawailesi a anthu otsekeredwa kunja

Chinthu ichi si chatsopano. Nthawi zonse wailesi yaikulu ikatseka chitseko, achinyamata amafuna zenera. Dziko lathu lomwe lino linakhalapo zenera lotere. Kuyambira zaka za m'ma 1930 kufikira 1975, wailesi ya LM Radio inkaulutsa kuchokera ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo, ndipo achinyamata a ku South Africa ankaitchera khutu kuti amve nyimbo zimene wailesi ya boma lawo sinkakonda kuulutsa.

Ku Britain kunali muulutsi wotchedwa John Peel, amene anayamba kudziwika pa wailesi yopanda chilolezo youlutsira pa sitima ya panyanja. Kuchokera 1967 mpaka imfa yake mu 2004 anagwira ntchito ku BBC Radio 1, ndipo usiku ankaulutsa nyimbo za magulu osadziwika amene ankamutumizira makaseti. Iye ndi mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa gulu la Bhundu Boys la ku Zimbabwe pakati pa Azungu m'zaka za m'ma 1980. Mu 1994 anyamata a kummawa kwa London anayambitsa Rinse FM, akubisa zida zoulutsira pa madenga a nyumba zosanjikizana, ndipo anakhala zaka 16 akuthamangitsana ndi akuluakulu a boma mpaka analandira chilolezo mu 2010.

Kuno ku Africa, dzina lodziwika kwambiri ndi Nyege Nyege ya ku Kampala, m'dziko la Uganda, imene inayambitsa chikondwerero cha nyimbo mu 2015 ndi kampani yotulutsa zimbale mu 2016. Iwowa ndi amene anatengera singeli ku maiko akunja ndi chimbale cha mu 2017. Tisabise: chikondwerero chawo chinautsa mkangano waukulu. Mu 2018 nduna ya boma Simon Lokodo inafuna kuchiletsa, ndipo mu 2022 nyumba ya malamulo ya dzikolo inayesanso, onse akudandaula za makhalidwe a anthu ofikako. Kawiri konseko boma linalola kuti chichitike. Choncho makolo oda nkhawa sali okha, ndiponso nkhawa yawo si yopanda maziko.

Nanga mdimawo?

M'foni muja munalinso pologalamu ina yosiyana ndi yoyambayo: nyimbo zoyenda pang'onopang'ono, mawu otsika, ngati munthu akuimbira m'chitsime. Chamba ichi chinayambira ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndi magulu onga Joy Division a ku Manchester, Bauhaus ndi The Cure. Okonda nyimbozi ambiri amavala zakuda, ndipo kuyambira 1992 akhala akusonkhana mumzinda wa Leipzig ku Germany pa nyengo ya Pentekoste. Nkhani za m'nyimbozi ndi kusungulumwa, imfa, mantha ndi kutaya mtima.

Kodi kuimba za chisoni n'kulakwa? Ife eni ake tili ndi nyimbo za pa maliro zimene amayi amachezera usiku wonse, ndipo palibe amene amati ndi za mdierekezi. M'Buku Lopatulika muli Maliro a Yeremiya, mulinso Salimo 88, limene limayamba ndi kulira n'kutha osatchula chitonthozo chilichonse. Anthu akale anadziwa kuti chisoni chikasowa potulukira chimaola m'kati ngati chithupsa.

Komabe pali phunziro lowawa m'mbiri ya chamba chimenechi. Ian Curtis, woimba wa Joy Division, ankadwala khunyu ndiponso anali wopsinjika mumtima. Anthu ankaombera m'manja nyimbo zake, osazindikira kuti zimene ankaimbazo zinali kulira kwenikweni. Anadzipha mu May 1980 ali ndi zaka 23. Nyimbo sizinamuphe, chimene chinasowa ndi anthu omva kulirako m'nthawi yake.

Titakhala pansi ndi mnyamata uja, sitinayambe ndi kumudzudzula. Tinamufunsa kuti, "Mwanawe, umamvamo chiyani m'menemu?" Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati bambo ake anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo ndipo anasiya kuimba foni. Kuti mayeso sanakhoze. Kuti masana amaseka ndi anzake pamsika, koma usiku maganizo amamuchulukira, ndipo kugunda kuja kumawatontholetsa. Mayi ake anali asanamvepo mawu amenewa. Iwo ankalimbana ndi utsi, moto uli pena.

Zoyenera kusamala

Sitikunena kuti zonse zili bwino. Choyamba ndi makutu. Bungwe la World Health Organization linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pangozi yowonongeka makutu chifukwa chomvera mawu okwera kwambiri kwa nthawi yaitali, ndipo khutu likawonongeka motere silibwerera mwakale. Chachiwiri ndi tulo: mwana wochezera foni sangalimbe m'kalasi kapena kumunda. Chachitatu ndi ndalama, pakuti pologalamu ya maola awiri imadya mayunitsi amene akanagula makope kapena sopo. Chachinayi ndi mawu: nyimbo zina zimatamanda mowa, mankhwala ozunguza bongo, chiwerewere ndi chiwawa. Zimenezi tiyenera kuzikana, kaya zabwera ndi ng'oma za m'kompyuta, kaya ndi gitala wa pa baraka ya m'mudzi mwathu. Choipa chimayesedwa ndi zimene nyimbo ikunena ndi zimene ikubala mwa munthu, osati chifukwa chakuti kaimbidwe kake n'kachilendo m'makutu mwathu. Tikumbuke kuti panali nthawi imene ng'oma ndi gitala zinkakanidwa m'matchalitchi ambiri, koma lero makwaya athu amaimba nazo, ndiponso amajambula nyimbo zawo pa kompyuta zomwezo.

Zenera lathu

Pali chinthu chimene ife a kuno tili nacho. Nkhondo itatha mu 1992, m'maboma ambiri a Mozambique munabadwa mawailesi a m'midzi, ndipo mu 2004 mawailesiwa anapanga bungwe lawo lotchedwa FORCOM. Nafenso ku Mecanhelas tinalandira wailesi ya Mira-Lagos, dzina lokumbutsa nyanja zimene tayandikana nazo. Cholinga cha wailesi yotere n'chimodzimodzi ndi cha anyamata a pa madenga a ku London aja: kupereka mpata kwa mawu amene mawailesi a ku likulu alibe nawo nthawi.

Chigawo chathu cha Niassa chinaonetsa kale kuti nyimbo ya kumudzi ikhoza kufika patali ndi kuchita zabwino. Gulu la Massukos la ku Lichinga linkaimba m'zilankhulo zathu za ukhondo, madzi abwino ndi matenda a Edzi, ndipo mtsogoleri wake Feliciano dos Santos analandira mphotho ya Goldman mu 2008. Kumpoto kwa Uganda, Otim Alpha anatenga nyimbo za paukwati za mtundu wa Acholi n'kuziika pa kompyuta, ndipo zinamveka mpaka ku Ulaya. Nanga chingaletse n'chiyani mwana wa ku Chiuta kutenga kugunda kwa beni kapena kwa chioda, kapena nyimbo za asodzi a pa Chilwa, n'kupanga chakechake? Mnyamata uja anatiululira kuti wakhala akuyesa zimenezi pa foni, koma ankaopa kuonetsa munthu wamkulu. Tinamvera. Sitinganame kuti tinazikonda zonse, koma tinazindikiramo kugunda kwa kwathu.

Pempho kwa makolo ndi atsogoleri

Makolo anzathu, musanalande foni, pemphani mwana akumvetsereni zimene akumvera, ndipo mumufunse chifukwa chake amazikonda. Mugwirizane nthawi yozimitsa foni usiku. Mukaona mwana akudzipatula, akukana chakudya, kapena akulankhula za imfa, musanene kuti ndi nyimbo chabe. Khalani naye pafupi, uzani munthu wamkulu amene mwanayo amamukhulupirira, ndipo mupite naye kuchipatala. Atsogoleri a achinyamata, fufuzani amene ali ndi luso la makinawa pakati panu, muwapatse ntchito m'makwaya, ndipo muwalimbikitse kukagogoda ku wailesi ya m'dera lawo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Mayi aja anam'bwezera mwana foni. Anagwirizana kuti ikakwana 10 koloko usiku izigona pa tebulo la pabalaza. Akuti phokosolo salikondabe, ndipo mpaka lero amalitcha chigayo. Koma tsopano madzulo ena amakhala naye pakhonde, iye n'kuwamvetsera zimene wapanga, iwo n'kumuuza pamene ng'oma yasemphana ndi mmene ankavinira kale ku chioda. Za bambo ake akulankhulana momasuka, ndipo mayeso aja walembetsanso.