Maso a ukonde ndi nkhani ya pa guwa

Kunja kukamacha pa doko la Ngala, m'dera la Mfumu Kanyenda ku Nkhotakota, maboti a usipa amakhala akukocheza. Alovi amene achezera usiku wonse kukoka chilimira, kutsata nyali za siginala, amatsika maso ali psuu ndi tulo, ndipo amayi ogula nsomba amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, mabeseni ali kumanja, aliyense kufuna kuti ndowa yoyamba ikhale yake. Lachisanu ambiri mwa anthu omwewa amapezeka kumzikiti, ena kutchalitchi Loweruka kapena Lamulungu. Komatu zochitika pa doko sizimveka kwenikweni mu ulaliki. Timamva za kuledzera ndi chigololo, pamene kukula kwa maso a ukonde, kagawidwe ka ndalama ndi muyeso wa ndowa timaziyesa za alangizi a usodzi. Ine ndikuti zimenezi ndi nkhani za chikhulupiriro, ndipo abusa ndi mashehe a m'mbali mwa nyanja sayenera kuzilambalala.

Nyanja ikutha nsomba, ndipo izi sizofunika kuchita kuuzidwa. Ntchila, imene kale inkadzaza makoka, lero ana ambiri sakuidziwa. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Usipa ndiwo wagwiriziza mabanja tsopano, koma nawonso ukugwidwa ukadali bonya, pamodzi ndi kasawala, ana a chambo, chifukwa ena amasokerera masikito a udzudzu ku makoka awo. Lamulo la usodzi lilipo, makomiti a m'madoko alipo, nyengo yotseka nyanja imalengezedwa chaka ndi chaka. Chikhalirecho wapolisi kapena mlangizi sangalondere doko lililonse usiku. Msodzi akakhala yekha pakati pa madzi, chomuletsa ndi chikumbumtima chake basi, ndipo amene amaumba chikumbumtimacho sabata ndi sabata ndi a chipembedzo. Mawu oyambira nawo sakusowa. Buku la Deuteronomo limaletsa munthu wopeza chisa kutenga mbalame pamodzi ndi ana ake, ndipo Chisilamu chimaphunzitsa kuti munthu anaikidwa kukhala mlondamalo wa Mulungu pa dziko. Wokokolola nsomba zosakhwima akuba chakudya cha mdzukulu wake, ngakhale mdzukuluyo sangathe kukamusumira kwa amfumu.

Tibwere pa kagawidwe. Pa madoko ambiri mwini boti amayamba wachotsa za mafuta ndi zina zowonongeka paulendo, kenako amatenga gawo lake lalikulu, zotsalazo n'kugawana alovi pafupifupi khumi. Ndi zoona kuti injini ndi ukonde zimagulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo mwini wake ayenera kupindula. Koma mwera ukadzuka, amene amamira ndi mlovi. Akadwala kapena kupweteka, mawa lake pa malo pake pakwera wina, ndipo zathera pomwepo. Kalata ya Yakobo imadzudzula mwamphamvu olemera amene amabisa malipiro a antchito awo, ndipo mu Qur'an muli sura yathunthu yotchedwa ndi dzina la anthu oba pa miyeso. Nanga mayi amene ali ndi ndalama m'manja, koma sangagule usipa pokhapokha atagona ndi msodzi? Mchitidwewu ndi wodziwika m'madoko a nyanja yathu, ndipo wathandiza kufalitsa HIV. Mpingo ukamudula mayiyu, n'kusiya mwamuna amene wasandutsa nsomba kukhala msampha akhale kutsogolo chifukwa amapereka chakhumi chonenepa, ndiye kuti chilungamo chasanduka cha pa mtengo.

Alipo onena kuti ntchito ya mbusa ndi kupulumutsa mizimu, izi ndi zadziko. Mbiri ya Nkhotakota yomweyi imawatsutsa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah ndi olowa m'malo mwake ankawolotsa akapolo pa nyanjayi kupita nawo ku Kilwa, ndipo pa nthawiyo amenewo ankatchedwa malonda basi. David Livingstone atakhala pansi pa mkuyu ndi Jumbe kukamba zothetsa ukapolo, sankaona kuti wasiya ntchito ya Mulungu. Chimodzimodzinso pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi: inakamba za malipiro ochepa a antchito ndi phompho la pakati pa olemera ndi osauka, ndipo dziko linagwedezeka. Lero palibe amene amati maepiskopi aja analowerera za eni.

Chotsutsa china n'cholemera, ndipo sindikuchipeputsa. Munthu wokoka masikito nthawi zambiri sachita mwano, ndi njala. Alibe munda wokwanira, makamaka kuno kumene nthaka yabwino yambiri ya ku Dwangwa inadzalidwa nzimbe, ndipo ukonde wovomerezeka sangaukwanitse. Kumulalikira za mdzukulu pamene mwana wake wagona ndi njala dzulo ndi nkhanza. Nchifukwa chake ulaliki uyenera kuyamba ndi amphamvu: eni zida zambiri, eni matrola amene amakokera m'madzi osaya mosaloledwa, amalonda akuluakulu amene amagula bonya ndi kasawala modziwa, ndi aliyense wolandira chiphuphu kuti atseke maso. Wosaukayo afunika dzanja loti limugwire m'miyezi yotseka nyanja. Zakaati ya kumzikiti, thumba la chifundo la kutchalitchi ndi mabanki a m'mudzi a amayi a mvano zingathe kulunjika pa nyengo imeneyi, m'malo moti zonse zithere pa kumanga nyumba ya abusa.

Kuti anthu angathe kusunga lamulo lochokera mu zimene amalemekeza, umboni uli pafupi. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Utaka wa kumeneko ndi wodziwika ndi kukula kwake. Si zonse za ku Mbenji zoyenera kutengera. Kuletsa amayi kufika pa chilumbacho sikungathandize ku Ngala, kumene amayi ndiwo agwira malonda a nsomba. Chofunika kuona n'chakuti lamulolo lakhalitsa chifukwa asodzi amaliona ngati lopatulika, ndiponso lawo.

Ku Ngala mphamvu yotereyi yagawikana pakati pa mafumu, mashehe ndi abusa a mipingo yosiyanasiyana, ndipo aliyense payekha amaopa kuti akalankhula, opereka ake athawira kwa mnzake. Atakhala pamodzi ndi komiti ya pa doko nyengo yotseka nyanja isanafike, n'kugwirizana kuti sabata imodzi onse alalikire za nsomba zosakhwima, za gawo la mlovi ndi za ulemu wa mayi wogula usipa, mwini boti sangapeze kothawira.