Kusula mphunzitsi wa kompyuta wa ku sekondale kumatenga zaka zinayi

Sukulu ya sekondale ikalandira makompyuta, mwambo wopereka makinawo umatha tsiku limodzi. Koma kusula mphunzitsi woti aphunzitse ana pa makinawo kumatenga zaka zinayi ku sukulu ya ukachenjede. Iyi ndi mfundo imene adindo oyendetsa maphunziro m'zigawo ndi m'maboma akuyenera kuikumbukira pamene dziko lino likutsegula zipinda za makompyuta m'sukulu.

Phunziro la Computer Studies lili pa ndondomeko ya maphunziro a ku sekondale imene bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi limakonza. Ndi phunziro lochita kusankha, ndipo bungwe la MANEB limaliyesa pa mayeso a MSCE m'mbali ziwiri: ina yolemba papepala, ina yochitira pa kompyuta penipeni. Choncho mwana amene wangoloweza manotsi, osagwirapo makinawo motsogozedwa ndi mphunzitsi wodziwa ntchito yake, amalowa m'chipinda cha mayeso atapunduka kale.

Ulendo wa mphunzitsi wotere umayambira pa mayeso omwewo a MSCE. Wofuna kulowa sukulu ya ukachenjede ya boma amayenera kukhala ndi makirediti osachepera 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a kompyuta Masamu ndiye mwala wa pangodya. Makalata ofunsira malo amadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2011. Amene asankhidwa koma makolo awo sangakwanitse kulipira ali ndi mwayi wopempha ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2015. Ngongoleyi imayenera kubwezedwa munthu akamaliza maphunziro, kuti enanso apindule.

Sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi ku Zomba ili ndi digiri ya uphunzitsi ya Bachelor of Education ya nthambi ya Computer Science. Nayo Mzuzu University, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999, ili ndi digiri ya uphunzitsi ya nthambi ya ICT.

Maphunzirowa amayenda ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi luso la kompyuta: kulemba mapulogalamu, kusunga ndi kusanja uthenga mu database, kulumikiza makompyuta kuti azigwirira ntchito limodzi, kudziwa zipangizo za m'kati mwa makinawo, komanso Masamu. Mwendo wachiwiri ndi uphunzitsi: momwe mwana amaphunzirira, kukonza chikonzero cha phunziro, njira zophunzitsira, kufunsa ndi kuchonga mayeso, ndiponso kayendetsedwe ka sukulu.

Mwendo wachiwiriwu ndi umene umasiyanitsa mphunzitsi ndi katswiri wamba wa kompyuta. Katswiri angathe kukonza makina owonongeka, koma mphunzitsi amayenera kudziwanso choti achite pamene ana a Fomu 1 achuluka kuposa makina, pamene ena mwa iwo sanaonepo kompyuta chibadwire, kapena pamene magetsi azima phunziro lili m'kati. N'chifukwa chake asanalandire digiri, ophunzirawa amatumizidwa m'sukulu za sekondale kukayeserera kuphunzitsa, ndipo aphunzitsi awo a ku yunivesite amawayendera kukaona momwe akuchitira m'kalasi.

Digiri ikapezeka, mtunda umakhala usanathe. Lamulo la za maphunziro la m'chaka cha 2013 linakhazikitsa bungwe la Teachers Council of Malawi, lomwe limalembetsa aphunzitsi ndi kupereka ziphaso zophunzitsira. Wofuna ntchito m'boma amadikira kuti mipata ilengezedwe, kenako amakayesedwa mafunso ku Teaching Service Commission. Mphunzitsi wa ku sekondale wa digiri amayambira pa giredi TI, pamene wa dipuloma amayambira pa TJ. Akalembedwa, Unduna wa za Maphunziro umamutumiza ku sukulu kudzera m'zigawo 6 za maphunziro.

Apa ndi pamene phindu la zaka zinayi zija likhoza kuoneka kapena kutayika. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi, ndipo sukulu zambiri zoyendera za CDSS zili kumidzi kumene vutoli ndi lalikulu. Mphunzitsi wa kompyuta akatumizidwa ku sukulu yopanda magetsi ndi makina, amangopatsidwa Masamu kapena phunziro lina, luso lake n'kumachita dzimbiri. Chimodzimodzinso, sukulu yokhala ndi makina koma yopanda mphunzitsi imangotsekera makinawo m'chipinda mpaka fumbi ndi chinyezi zitawawononga.

Vuto lina ndi lakuti luso la mphunzitsiyu likufunidwanso ndi mabanki, makampani a lamya ndi mabungwe omwe si a boma. Munthu amene amasowa zipangizo zogwirira ntchito yomwe anaphunzira sachedwa kumvera malipiro abwino a kwina, ndipo akachoka, boma limataya ndalama zimene linamuphunzitsira.

Bungwe la MACRA, kudzera mu thumba la Universal Service Fund, lamanga zipinda za makompyuta m'sukulu zina za sekondale pansi pa ntchito ya Connect a School. Kuti ntchito zotere zibale zipatso, pakufunika kuti otumiza aphunzitsi azikhala ndi mndandanda wa sukulu zomwe zili ndi makina ndi magetsi, ndipo mphunzitsi wa kompyuta azipita kumeneko poyamba. Pakufunikanso kuti sukulu ziziika padera ndalama zokonzetsera makina ndi zolipirira intaneti, komanso kuti aphunzitsi akulu asasandutse mphunzitsiyu kalaliki wotayipa makalata a mu ofesi ana akumudikira m'kalasi.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akudalira achinyamata aluso la makono kuti atukule ulimi, mafakitale ndi mizinda. Ambiri mwa achinyamata akumudzi adzayamba kugwira kompyuta ali ku sekondale. Kaya adzatuluka m'chipindamo akudziwa kanthu kapena ayi, zidzatengera ngati adindo anaonetsetsa kuti tsiku limene makina afika, mphunzitsi wosulidwa bwino ali kale pa sukulupo.